Thabwa la Ulunji

Zaka makumi atatu ndi ziwiri pa Chibavi pano
diso langa ndilo linali sikweya.
Ndikatsinzina limodzi n'kupendeketsa khosi,
thabwa linkaulula lokha pomwe lakhota.
Chaka chino diso layamba kundinamiza
ngati mnzako wa ngongole:
likuti "zili bwino, mdala,"
koma felemu ikafika pa kona yachinayi
kukamwa yasaa, ngati mwana wa mpheta.

Mankhwala ake ndinali nawo:
utuchi wa mlombwa, guluu pang'ono,
kutakasa ndi chala m'kachitini, kumata, kupaka vanishi.
Mwini katundu sankaona.
Ine ndinkaona, usiku, nditazimitsa nyali.

Ulunji anabwera mu Juni, nkhungu itameza Kaning'ina,
atavala ovolosi yomukulira,
kalata ya kusukulu ya ntchito ili m'thumba.
Milungu iwiri ankangosesa,
akundiyang'ana ndikumata mabodza anga.
Tsiku lina magetsi atathima
anatolera zidutswa pansi pa benchi,
paini wa ku Chikangawa wotsala pa kabati ya a Zgambo.
Chotambalala pansi, chocheperako pamwamba,
m'mbali n'kutsala kamsewu koyendamo puleni.
Kamtanda ka mlombwa anakapingasa,
kuyeza, kumasula, kuyezanso,
kanayi konse asanamange sikuluu yomaliza.
Kunsi anakhomako chidendene choti chikole benchi.

Ndinaseka.
"Puleni yanga sinagonepo chammbali
ngati wodwala malungo."
Mtsikanayo sanayankhe. Anangoigoneka.

Syee. Syee.
Mpeni unkadya kumutu kwa thabwa,
kumene mtengo umakanira,
kumene ine ndakhala ndikunyotsola m'mphepete
n'kumanamizira paini kuti ndi wosakhwima.
Apa kamtanda kanagwira msana wa thabwa,
ndipo zipalo zinkagwa zopyapyala
kuposa khoko la anyezi.

Madzulo anawonjezera kamtanda kachiwiri,
kopendeka theka la kona.
Anati, "Bambo, felemu ili ndi makona anayi
koma mabala ake ndi asanu ndi atatu.
Mukaphonya katsitsi kamodzi pa bala lililonse,
pomaliza mwaphonya ndevu."

Ulendo woyamba sizinatheke.
Titakweza felemu pakhomo, kuwala kunadutsabe pa kona,
ndipo ndivomere, mtima wanga unavina.
Iye anang'amba risiti ya misomali,
kuipinda kamodzi,
kuilowetsa pakati pa kamtanda ndi thabwa.
Pepala lokha.
Syee. Syee. Syee.

Tinakwezanso.
Kunja njinga za kabaza zinkaliza mabelu m'matope,
mvula yowaza ija yosadziwa kusiya,
koma pa kona panalibe podutsa ngakhale nyerere.
Ndinafufuza ndi chikhadabo mbali zonse zinayi.
Ndinatsokomola.
Ndinati tiyi wazizira.

Musaganize kuti thabwali ndi mngelo.
Chinyezi cha kuno chimalitupitsa,
Okutobala amaliumitsa mpaka sikuluu kugwedera.
M'mawa uliwonse limayamba laimbidwa mlandu ndi sikweya
lisanaweruze matabwa anzake.
Ine zaka zonse zija
ndani ankandiyeza?

Ulunji anapeza ntchito ku Luwinga, kwa amakina.
Thabwa anasiya pa msomali, pafupi ndi kalendala,
m'mphepete atalembapo ndi pensulo:
nolani mpeni kaye.
Tsopano ndimapala ndi khutu ndi nsonga ya chala,
diso ndalipatsa ntchito yowerenga ndalama.
M'kachitini muja guluu anauma gwa,
ndimasungiramo masikuluu.

Dzulo mayi wina wa ku Zolozolo anadzatenga felemu
ya chithunzi cha ukwati wa mwana wake.
Anaitembenuza uku ndi uku,
anadandaula kuti vanishi wada,
anandidula zikwi ziwiri.
Makona sanawayang'ane n'komwe.

Ndinamukulungira m'nyuzipepala,
makona ndinakulunga kawiri.